Zaka khumi kwa bwana mmodzi: mlandu wa chitupa wa ku Germiston

Mu 1981 bambo wina woyendetsa makina pa kampani ya zitsulo ku Germiston, kum'mawa kwa Johannesburg, anapita ku ofesi ya zantchito kukapempha chidindo chimodzi m'chitupa chake. Anamukaniza. Bamboyu anayamba ntchito pa kampaniyo mu Ogasiti 1970 ndipo kuyambira pamenepo sanagwirepo kwina. Ofesi sinatsutse zimenezo. Inangoti pamaso pa lamulo munthuyu sanagwire zaka khumi, anagwira chaka chimodzi kakhumi. Mlandu wonse, kuchokera pa kauntala ya ku Germiston mpaka ku bwalo la apilo ku Bloemfontein, unagona pa kusiyana kwa mawu awiriwa.

Lamulo lomwe linkamumanga

Gwero la nkhaniyi ndi gawo 10 la Urban Areas Act, lamulo la boma la tsankho la South Africa, nambala 25 la 1945, monga analikhwimitsira mu 1952. Gawoli linkaletsa munthu wakuda kukhala m'tauni kupitirira maola 72 pokhapokha atagwera m'gulu limodzi mwa magulu anayi. Gulu la 10(1)(a) linali la wobadwira m'tauniyo amene sanachokemo. Gulu la 10(1)(b) linali la munthu amene wagwira ntchito mosalekeza kwa bwana mmodzi zaka khumi, kapena wakhala m'deralo movomerezeka zaka 15, ndipo sanalipitsidwepo chindapusa choposa R500 kapena kugamulidwa kukhala kundende miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Gulu la 10(1)(c) linali la mkazi wa munthu wa (a) kapena (b), mwana wake wamkazi wosakwatiwa, ndi mwana wamwamuna wosakwana zaka 18. Otsala onse ankadalira 10(1)(d), chilolezo cha ofesi ya zantchito chomwe chinkatha ntchito ikatha.

Kwa amene sanauone moyo umenewu, (b) ndi (d) ndi zilembo chabe. Kwa wantchito kunali kusiyana kwa munthu wapakhomo ndi mlendo. Wa (d) ankagona ku hositelo ya amuna okhaokha kapena kulowa lendi mwa eni, sankaloledwa kubweretsa mkazi ndi ana, sankalembedwa pa mndandanda wa odikira nyumba, ndipo akangochotsedwa ntchito ankadindidwa kuti atuluke m'tauni. Ndiye kuti kukangana ndi kapitawo kunkatha kumutayitsa ntchito ndi malo ogona tsiku limodzi. Wa (b) ankatha kusiya ntchito n'kukafuna ina m'dera lomwelo, kupempha nyumba ku lokeshoni monga Katlehong, ndiponso kutsegulira banja lake khomo la (c).

Zonsezi zinkalembedwa m'kabuku kamene lamulo la 1952 linalamula munthu wakuda aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo kuyenda nako, komwe eni ake ankakatcha dompas. Kutsogolo chithunzi ndi nambala. M'kati masamba a zidindo za ofesi ya zantchito, masamba omwe bwana ankasainapo mwezi ndi mwezi, ndi masamba a msonkho. Wapolisi ankatha kukafuna paliponse, pa siteshoni ya sitima kaya pakhomo usiku, ndipo ukagwidwa udindo wosonyeza kuti sunapitirire maola 72 unali wako, osati wa boma. M'makhothi a ma komishinala mlandu wotere unkatha mphindi zochepa. Pakati pa 1916 ndi 1984 apolisi anamanga anthu maulendo oposa 17 miliyoni pa milandu ya zitupa.

Msampha wa 1968

Boma linaona kuti khomo la zaka khumi likulowetsa anthu ambiri. Silinapite ku nyumba ya malamulo kukalitseka. Mu 1968 linangotulutsa malamulo ang'onoang'ono a maofesi a zantchito, onena kuti munthu wochokera ku madera omwe boma linkati ndi kwawo kwa anthu akuda azilembedwa pa kontrakiti yosapitirira chaka chimodzi. Chaka chikatha abwerere kumudzi, akalembetsenso ngati wofuna ntchito, kontrakiti yatsopano isainidwe komweko. Pofuna kuti mabwana asamataye antchito odziwa ntchito, panali khadi loitanira: bwana ankapatsa wantchito khadi losonyeza kuti akumufunanso, wantchito n'kupita nalo ku ofesi ya kwawo, n'kubwerera pa makina omwewo.

Maofesi ankawerenga motere: kontrakiti ikatha ntchito yatha, ntchito ikatha zaka zayambiranso pa ziro. Potero palibe wa kontrakiti akanafika zaka khumi, ngakhale atakalambira pa kampani imodzi. Onani masamu ake. Amene anayamba pa kontrakiti mu 1968 anayamba kukwanitsa zaka khumi mu 1978, choncho kwa zaka khumi zathunthu msamphawu unali utatchedwa popanda wokhala ndi dandaulo lokhwima loti n'kupita nalo kukhothi. Bambo wa ku Germiston, yemwe kwawo kunali ku Gazankulu, limodzi mwa madera aja omwe boma linkati ndi kwawo kwa anthu akuda, anakwanitsa zake mu Ogasiti 1980.

Zomwe zinapezeka

Atakanizidwa, nkhani yake inadzera ku ofesi ya ulangizi ya Black Sash, bungwe la amayi olimbana ndi tsankho, ku Johannesburg, komwe anthu ankafola tsiku ndi tsiku ndi mavuto a zitupa, ndipo inafika ku Legal Resources Centre, bungwe la maloya othandiza anthu kwaulere lomwe linakhazikitsidwa mu 1979. Anthu okanizidwa mwa njira imeneyi analipo ambiri. Funso linali loti ndi fayilo iti yomwe ingasenze onsewo.

Ya bamboyu inali yoyera. Bwana anali mmodzi kuyambira 1970. Ulendo wokalembetsanso kontrakiti ankauyenda chaka ndi chaka m'nthawi ya tchuthi chake cha pachaka, chomwe kampani inkamulipira. Ponyamuka, iye ndi abwana ake ankadziwa onse kuti abwerera, ndipo ankabwereradi pa ntchito yomweyo. Pakati pa makontrakiti sanalembedwepo kwina. Kujomba kunali kwa apo ndi apo. Analibe mlandu womugwetsa pa chindapusa cha R500 kapena miyezi isanu ndi umodzi ija. Ndiponso Gazankulu sinalandire ufulu wabodza uja womwe madera ena otere, a Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei, anapatsidwa pakati pa 1976 ndi 1981, motero boma linalibe pogwira ponena kuti munthuyu ndi nzika ya dziko lina.

Apa ndi poyenera kudekhapo kwa aliyense wosankha mlandu woti utsegulire ena njira. Mtima umakokera kwa munthu amene wavutika kuposa onse: amene anachotsedwa ntchito patatsala mwezi umodzi, amene anadwala chifuwa n'kukhala kumudzi miyezi isanu, amene abwana ake anataya mabuku. Anthu amenewa ngofunika thandizo lero lomwe. Koma mukatsogoza fayilo yokhala ndi mabowo, woweruza amene sakufuna kukhudza funso lalikulu amatulukira pa bowo limodzi, ndipo mumabwerako ndi chigamulo choipa chomwe chimanga onse. Fayilo yoyera imamusiya woweruza ndi funso limodzi lokha. Ovuta aja amadzalowera pa khomo lomwe woyera watsegula, ndipo mu nkhaniyi zinachitikadi choncho.

Chinthu chachiwiri: umboni womwe unapambana sunali m'chitupa. Chitupa chinkanena zomwe boma linkafuna, chidindo cha chaka chimodzi, china, chinanso. Umboni unali pa tchuthi cholipidwa ndi pa mgwirizano wa wantchito ndi bwana. Munthu amene wasiya ntchito salandira malipiro a masiku omwe ali panjira, ndipo bwana samusungira makina. Wolandira dandaulo akangokopera zomwe zadindidwa m'chikalata cha boma wayamba kale kuiona nkhani ndi maso a boma. Mafunso oyenera anali a tsiku ndi tsiku. Munanyamuka liti, munabwerera liti? Masiku amenewo anakulipirani? Anakuuzani chiyani ponyamuka? Pobwerera munafunsiranso ntchito pageti kapena munangolowa? Nambala yanu ya pantchito inasintha? Ndani ku kampani angalumbire pa zimenezi?

Njira yomwe anasankha, ndi chifukwa chake

Maloya sanapite kukhothi kukanena kuti gawo 10 ndi lankhanza, ngakhale linali lankhanza. Nthawi imeneyo nyumba ya malamulo ya azungu inali pamwamba pa makhothi, malamulo oyendetsera dziko analibe mutu wa ufulu wachibadwidwe, ndipo khothi linalibe mphamvu yogwetsa lamulo chifukwa cha tsankho lake. Malo omenyera anali awiri okha: tanthauzo la mawu a lamulo, ndi funso loti kodi nduna ndi maofesi ake apitirira mphamvu zomwe lamulo linawapatsa.

Njira yachiwiriyi inali itayesedwa kale. Mu Ogasiti 1980 bwalo la apilo linagamula mlandu wa banja lina la ku Gugulethu ku Cape Town. Mwamuna anali ndi ufulu wa gawo 10, koma mkazi wake ankaletsedwa kukhala naye chifukwa analibe chilolezo cha wolowa lendi chomwe lamulo laling'ono la 1968 linkafuna. Bwalo linati lamulo laling'ono silingalande ufulu womwe nyumba ya malamulo inapereka. Woyimira banjali anali Arthur Chaskalson, yemwe anadzayimiranso bambo wa ku Germiston ndipo mu 1994 anadzakhala mtsogoleri wa khothi la malamulo oyendetsera dziko la South Africa.

Ku Germiston nkhondo inali pa liwu limodzi, "mosalekeza". Pempho linaperekedwa ku bwalo lalikulu ku Johannesburg pa zikalata zolumbirira, losumira East Rand Administration Board, bungwe la boma loyang'anira anthu akuda m'dera la East Rand momwe muli Germiston, ndi mkulu wa ofesi ya zantchito. Linkapempha zinthu ziwiri: khothi linene kuti bamboyu ndi wa 10(1)(b), ndipo lilamule mkuluyo kudinda chitupa. Pempho lachiwiri lisaoneke laling'ono. Ufulu wa (b) unkabwera wokha munthu akakwanitsa zofunika, sunali mphatso ya ofesi. Koma wapolisi pamsewu sankawerenga malamulo, ankawerenga chidindo. Chigamulo chongonena kuti munthu ali ndi ufulu, chopanda lamulo lolunjika kwa wogwira chidindo, chikanamusiya bamboyu akukwezedwabe m'galimoto ya apolisi.

Mfundo ya maloya inali yosavuta kuimva. Gawo 10 likunena za kugwira ntchito mosalekeza, silikunena za kontrakiti imodzi. Munthu akadwala sabata kapena akapita kutchuthi, palibe amene amati ntchito yake yaduka. Ngati tchuthi sichidula ntchito, kusaina pepala m'kati mwa tchuthicho kudula bwanji? Bungwe la boma linayankha kuti kontrakiti iliyonse inkatha kwenikweni, ndipo cholinga cha malamulo a 1968 chinali chomwecho, kuti anthu a kontrakiti asafike pa (b).

Mu Seputembala 1981 woweruza O'Donovan anagamula mokomera bamboyu. Anapeza kuti onse awiri, wantchito ndi bwana, anali ndi cholinga chimodzi chosasintha choti ntchito ipitirire, ndipo kuti kunena zoona ntchitoyo sinadukepo: chomwe chinapangidwa chinali maonekedwe chabe a kuduka.

Miyezi makumi awiri yodikira

Bungwe linachita apilo, ndipo apilo inaimitsa chigamulo. Kuyambira Seputembala 1981 mpaka Meyi 1983 bamboyu anali wopambana wopanda chidindo, ndipo maofesi anapitiriza kubweza anzake ponena kuti nkhani ili kukhothi.

Nyengo ngati imeneyi ndi imene milandu yabwino imafera, ndipo olangiza ambiri saikonzekera. Wodandaula adakali pa chilolezo chomangirira kwa bwana. Akachotsedwa ntchito, akagwidwa ndi mlandu waukulu, akatopa n'kubwerera kumudzi, boma lipeza ponenera kuti palibenso chokambirana. Munthu ayenera kuuzidwa pachiyambi, m'chinenero chake, kuti kupambana koyamba sikusintha kalikonse m'thumba mwake, kuti apitirize kulembetsa kontrakiti monga kale, ndipo asunge pepala lililonse. Anzake okanizidwa nawo alembedwe mayina, apemphe ndi kalata, ndipo kukanako kulembedwe ndi tsiku lake, kuti chigamulo chomaliza chikadzatuluka pasadzakhale kuyambira pansi.

Panalinso mtambo wina. Mu 1982 boma linatulutsa bilu ya Orderly Movement and Settlement of Black Persons, yomwe ikanakhwimitsa kwambiri malamulo olowera m'tauni ndi kukweza chindapusa cha bwana wolemba munthu wopanda chilolezo kuchoka pa R500 kufika pa R5,000. Mipingo, mabungwe a antchito ngakhalenso amalonda anaikana, ndipo pamapeto pake inachotsedwa. Koma uthenga unamveka: chomwe khothi lapereka, nyumba ya malamulo ikhoza kulanda ndi chiganizo chimodzi.

Pa 30 Meyi 1983 bwalo la apilo ku Bloemfontein linakana apilo ya bungwe. Chigamulo analemba woweruza Van Heerden. Bwalo linavomereza kuti munthu akhoza kugwira ntchito mosalekeza kwa bwana mmodzi pa makontrakiti otsatizana, ndipo cholinga chomwe boma linali nacho polemba malamulo ang'onoang'ono a 1968 sichingasinthe tanthauzo la mawu omwe ali m'lamulo lenilenilo. Patapita masiku ochepa chitupa cha bamboyu chinadindidwa.

Zomwe zinatsatira

Chiwerengero chomwe chinkatchulidwa nthawi imeneyo cha antchito omwe chigamulo chikanawapindulira chinali choposa 140,000. Nduna yoyang'anira za anthu akuda, Piet Koornhof, inalengeza kuti boma litsatira chigamulocho. Pa makauntala zinali zina. Ofesi ina inkafuna fomu yodzaza bwana yolemba tsiku lililonse la tchuthi kwa zaka khumi. Ina inkabweza aliyense amene anapitapo kutchuthi chosalipidwa kapena chotalikirapo, ponena kuti chigamulo ndi cha anthu ofanana ndendende ndi wa ku Germiston. Anthu a ku madera anayi aja omwe anapatsidwa ufulu wabodza ankauzidwa kuti iwo sizikuwakhudza. Ena ankangouzidwa kuti abwere mwezi wamawa, pomwe tsiku lililonse lofola linali tsiku lojomba kuntchito.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chigamulo cha ku Bloemfontein chinali pachala. Chinafika pamphuno chifukwa cha ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero, ya maofesi a ulangizi, mabungwe a antchito ndi maloya: kufotokoza chigamulo m'mawu osavuta, kukakamiza makampani kulemba makalata otsimikiza zaka za antchito awo, kulembera ofesi kalata yopereka masiku oti idinde, ndipo ikapanda kudinda kubwereranso kukhothi ndi munthu wina. Kawirikawiri ofesi inkagonja pa munthu mmodziyo mapepala akhothi akangofika, kuti pasatuluke chigamulo china, n'kupitiriza kukaniza otsatira. Ochita ntchito imeneyi aphunzirepo kuti bajeti ya mlandu wotsegula njira isathere pa tsiku la chigamulo. Gawo lalikulu la ntchito limayamba m'mawa mwake.

Nkhani ya tchuthi chachitali inafikanso ku bwalo la apilo kudzera mwa wantchito wina wa ku Cape Town, yemwe anakhalapo kumudzi miyezi ingapo mogwirizana ndi abwana ake. Mu 1985 bwalo linagamula momukomera. Fayilo imeneyi ikanatsogola mu 1981 ikanakhala pa ngozi yaikulu. Itatsatira, inapeza pokwera.

Boma silinafafanize chigamulo cha ku Germiston, koma linabaya pomwe pankapweteka. Mu Ogasiti 1983 nyumba ya malamulo inasintha gawo 10 kuti mkazi ndi ana a munthu wa (b) asabwere kudzakhala naye pokhapokha ali ndi nyumba ya banja yovomerezeka. Boma lomwelo linali litaleka kumanga nyumba za mabanja m'malokeshoni ambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mndandanda wa odikira unali wa zaka. Mwamuna anapeza chidindo, koma chimene ambiri ankachifunira chidindocho, kudya ndi ana awo madzulo, chinakankhidwiranso kutali. Mwachionekere, amene ankaganiza kuti (b) ingobereka (c) yokha sanawerengere kuti mdani ali ndi cholembera.

Pali chidzudzulo chomwe sichiyenera kubisidwa. Komishoni ya Riekert, yomwe boma linakhazikitsa kuti ifufuze za malamulo okhudza antchito, mu 1979 inali italangiza kale boma kuti lipepukitse moyo wa anthu akuda okhazikika m'tauni ndi kukhwimitsira akunja kwa mpanda. Tsono ena ankati milandu ngati iyi ikungothandiza boma kusankha olowa ndi otsala, ndi kupatsa makhothi a tsankho nkhope ya chilungamo. Mfundoyi ili ndi mano. Chigamulo sichinathandize mayi wa ku Gazankulu wopanda mwamuna m'tauni, kapena mnyamata wosalembedwapo ntchito. Sichinathandizenso obadwira kunja kwa South Africa, Amalawi, a ku Mozambique ndi ena ogwira ntchito ku Joni, amene ankamangidwa ndi gawo 12 lofuna chilolezo chapadera ngakhale atakhala zaka zingati. Komabe sindikuona kuti mlangizi akanamubweza bwanji bamboyu pakhomo pomuuza kuti adikire tsankho lithe. Anabwera ndi ufulu womwe unalembedwa m'lamulo ndipo kalaliki anali kumubera. Ndiponso dongosolo lonse linkadalira kuti wantchito akhale mlendo mpaka kufa. Munthu aliyense wochoka pa (d) kupita pa (b) ankakhala wantchito woti akhoza kulowa bungwe la antchito n'kunyanyala popanda kuopa kudindidwa kuti atuluke, ndipo zimenezi zinkachitika m'zaka zomwe mabungwe a antchito a ku East Rand ankakula mofulumira.

Gawo 10 lenilenilo linakhala zaka zitatu zokha chigamulo chitatuluka. Lamulo la Abolition of Influx Control Act, nambala 68 la 1986, linalichotsa kuyambira pa 1 Julayi 1986, ndipo dompas inalowedwa m'malo ndi chiphaso chimodzi cha mitundu yonse. Chidindo chomwe bamboyu anachimenyera kuyambira 1981 chinasanduka inki wamba m'kabuku kosafunidwanso. Group Areas Act, lamulo logawa malo okhala potsata mtundu wa munthu, ndi malamulo a malo a 1913 ndi 1936 anatsala mpaka 1991, apolisi anatembenukira ku malamulo oletsa kumanga zisakasa ndi kulowa pa malo a eni, ndipo anthu mamiliyoni omwe anawerengedwa ngati nzika za Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei anayamba kuonedwa ngati alendo ofunika chilolezo cha ntchito. Lamulo lina la 1986 linalola ena mwa iwo kubwezeredwa unzika wa South Africa ngati asonyeza kuti ndi okhazikika m'dzikolo, ndipo m'maofesi a ulangizi mafunso anayambiranso: munabwera liti, munagwira kwa yani, makalata a abwana muli nawo?